Kodi ndalama zathu zikuthera pa ufa?

Anafika cha m'ma 5 koloko madzulo, nsapato zili ndi udzu wauwisi, kachikwama kumsana. Ndi bambo wa kwathu, wa ku Mangochi. Amasamalira maluwa ndi kapinga panyumba ina ku Bryanston, ndipo kuti afike pa sukulu yathu ya mkombaphala kuno ku Rosettenville, mu Joni, amakwera matekisi awiri, kusinthira m'tauni. Mwana wake wa zaka zinayi anamuthamangira, ufa uli mbuu m'tsitsi, m'zikhadabo muli zobiriwira. Bamboyo anamunyamula, kumuyang'ana kumutu, kumuyang'ana m'manja, kenako n'kuyang'ana ine.

"Achemwali," anatero motsitsa mawu, ngakhale eni sukulu Chichewa sachimva, "tandiuzeni zoona inuyo ngati wakwathu. Kodi ndalama zathuzi zikuthera pa ufa? Mwezi wachitatu uno, kope sindinalionepo. Mwana wa mnzanga pa Turffontein apa akulemba kale mpaka 20."

Ndinaseka, koma kunali kuseka kwa munthu wogwidwa. Funso lomwelo ndinalifunsapo ineyo, mumtima, kwa miyezi yambiri, nditaima pa zenera la kukhitchini ndi chikombe m'manja.

Ndinabwera ku Joni pa basi ngati ambiri a ife, ndi satifiketi ya JCE ndi nambala ya foni ya msuweni wanga. Ndinayamba ndi maganyu ochapa ndi kusita. Pa kireshi pano ndinalowera khomo la kukhitchini: kuphika phala, kutsuka timbale, kukolopa. Kwathu ku Ntcheu sukulu ya mkombaphala inkachitikira m'tchalitchi. Ana ankakhala pansi m'mizere, mlezi kutsogolo, onse n'kumakuwa miyezi ya pachaka m'Chingerezi kuyambira January mpaka December, mawu akumveka mpaka ku mjigo. Amayi potunga madzi ankagwedeza mutu n'kumati ana akuphunzira. Sindikuwanyoza alezi aja. Ambiri amagwira ntchitoyo mongodzipereka, popanda malipiro, ndipo kapu ya phala yomwe amagawa yasunga ana ambiri. Koma m'mutu mwanga munakhazikika kuti sukulu ndi mawu amodzi otuluka pakamwa pa ana makumi atatu nthawi imodzi. Ndiye pano ndinkaona uyu akuthira madzi m'botolo n'kukhuthula, uyo akumanga timatabwa n'kugwetsa, awa avala zipewa zakale akukangana, ndipo ndinkati mumtima: azimayi awa akuba ndalama za anthu masana dzuwa likuswa mtengo.

Eni ake ndi mayi wachikulire wa ku KwaZulu-Natal. Tonse, ana ndi akulu omwe, timawaitana kuti Gogo, monga momwe kwathu tikanati agogo. Kireshiyo ndi nyumba wamba yomwe anagumula khoma limodzi, kuseri kuli kabwalo ka simenti ndi matayala akale okwiriridwa theka. Mphunzitsi wina atachoka mwadzidzidzi, Gogo anandiuza kuti ndivule epuloni ndikakhale ndi ana kwa sabata imodzi. Sabatayo sinathebe mpaka lero.

Geti timatsegula 6 koloko, chifukwa makolo athu ambiri ntchito zawo zili kutali. Mu June ndi July kumakhala kukadali mdima. Mzinda uno uli pamtunda wopitirira mamita 1,700, ndipo ine amene ndinkadzitama kuti ndinazolowera mphepo ya ku Dedza ndi Ntcheu ndinagonja chaka choyamba chomwe. Ana amafika atakulungidwa m'mabulangete kumsana, majekete awiriawiri. Phunziro loyamba lili pomwepo pakhomo, ngakhale palibe kholo limene limaliwerengera: mwana avule yekha jekete, atsitse yekha zipi, apachike chikwama pa msomali wake. Msomali uliwonse uli ndi kachithunzi, wina nsomba, wina nyenyezi, wina ambulera, ndipo pansi pa chithunzicho pali dzina lake. Miyezi yoyamba amafunafuna nsomba. Pofika pakati pa chaka tikaphimba nsombayo ndi dzanja, amapezabe malo ake. Sitinamuuze kuti akuwerenga, ndipo iye sakudziwa.

Akamwa phala timakhala pansi mozungulira. Mmodzi amapita pa zenera kukationera kuti kunja kwacha bwanji, timatchula tsiku, timaona amene sanabwere, kenako nkhani. Poyamba linali phokoso la pamsika, aliyense kufuna kunena zake nthawi imodzi, mpaka ndinabweretsa mthiko wanga wochokera kumudzi. Amene wagwira mthiko ndiye alankhule. Kuona mwana wa zaka zitatu akudikira mthiko, milomo ikunjenjemera ndi nkhani ya khoswe amene anamuona ku bafa, ndi kuona munthu akunyamula katundu wolemera kuposa msinkhu wake. Ena amalephera, amaphulika. Mawa amayesanso.

Tsopano ufa uja. Makapu awiri a ufa wa tirigu, kapu imodzi ya mchere, madzi, timafuta tophikira pang'ono, ndi kadontho ka utoto wa makeke. Mcherewo umathandiza kuti usaonongeke msanga, komanso kuti wolawa alawe kamodzi kokha. Timakanda limodzi ndi anawo Lolemba, n'chifukwa chake Lolemba amapita kwawo ali mbuu.

Tsiku limene ndinalimba mtima n'kufunsa Gogo kuti bwanji osangowapatsa mapensulo, sanandiyankhe msanga. Anaitana kamtsikana kena, n'kuika dzanja lake pa dzanja langa. Anati ndilipanize pang'ono pamfundo. Linali lofewa ngati nthochi yakupsa. Anandifotokozera kuti timafupa ta pamenepo mwa mwana wa msinkhu uwu sitinakhwime tonse, ndipo timinofu ta zala timene timagwira pensulo timalimba ndi ntchito, osati ndi kukalipiridwa. Kenako anandifunsa kuti ine ndili wamng'ono ndinkatani ndi manja anga.

Funso limenelo linanditsata mpaka usiku. Ndinkatani? Tinkapita ku dambo kukakumba dongo. Anyamata ankaumba ng'ombe za linunda ndi nyanga zosongoka, ife tinkaumba timiphika ndi ana, n'kuwayanika pa mwala. Nthawi yokolola tinkakhala pa mphasa kutong'ola chimanga mpaka chala chachikulu kutuluka thuza. Tinkaswa mtedza. Tinkasankha nyemba pa lichero, yofumbwa uku, yabwino uku, kamwala kutaya. Tinkasewera phada, kuponya mwala m'mwamba, kukokolola ina m'kadzenje, n'kuwakha uja usanagwe, diso ndi dzanja zikugwirizana popanda wotiphunzitsa. Alongo anga ankapinda mawaya kukhala galimoto yokhala ndi chiwongolero. Pamene ndinkalowa Sitandade 1, zala zanga zinali zitagwira kale ntchito zaka zinayi kapena zisanu. Choko chinangopeza nyumba yomangidwa kale. Agogo anga sankadziwa kulemba dzina lawo, koma ndi iwo amene anakonza dzanja limene ndikulembera panoli.

Mwana wathu wa ku Joni alibe dambo. Ambiri a ife tikukhala m'chipinda chimodzi, ena m'chipinda chogawa ndi katani, m'nyumba ya mabanja asanu kapena kuposa. Kunja kuli magalimoto ndi anthu osawadziwa, ndiye mwana satuluka. Mayi afika atatopa, ayenera kuphika pa kachitofu pafupi ndi bedi, ndipo njira yoti mwana asapse ndi kumupatsa foni. Sindikuloza chala munthu, inenso ndinachitapo. Koma zotsatira zake timaziona pa tebulo: mwana wodziwa kudumpha malonda pa YouTube, koma wolephera kutsegula pegi yoyanikira zovala. Chala chimodzi chokha ndicho chagwira ntchito, kukhwekhwereza pagalasi. Ufa wa Gogo ndi dongo la anthu opanda dambo. Mapegi amene timawapatsa kuti apanize m'mphepete mwa katoni, makaroni amene amatunga pa chingwe, nyuzipepala zimene amang'amba timizere, sizasi yosasongoka imene amayamba nayo podula timapaipi ta pulasitiki tomwera zakumwa asanafike pa pepala, zonsezi ndi lichero la nyemba lija, langovala zovala za m'tauni.

Pa nkhani ya manja yomweyi ndinalakwitsapo kwambiri, ndipo ndi bwino ndiulule. Panali kamnyamata kamene kankagwira kirayoni ndi dzanja lamanzere. Kwathu tinakula tikudziwa kuti lamanzere sapatsira munthu chinthu, sadyera, ndipo ambiri tinaona anzathu akumenyedwa pa zala m'kalasi chifukwa cha ilo. Ndiye ine, mwachikondi changa chonse, ndinkachotsa kirayoniyo n'kuika kumanja. Tsiku ndi tsiku, mwakachetechete. Patatha milungu itatu mwanayo anasiya kujambula. Ikafika nthawi ya mapepala ankalowa pansi pa tebulo. Gogo ataona anandiitanira kukhitchini, kumalo kwanga kwakale, n'kundifunsa ngati ndingathe kusonkha moto ndi kuphika nsima ndi dzanja limene sindinalizolowere, wina ataima pambali kumandiyang'anira. Tsiku lotsatira anabwera ndi sizasi ya amanzere, ine osadziwa n'komwe kuti iliko. Zinatenga nthawi kuti mwanayo atuluke pansi pa tebulo, ndipo kwa ine sanabwererenso msanga.

Za mwana wa ku Turffontein wolemba mpaka 20, ndilibe naye mlandu. Mwina ndi wanzeru ndithu. Koma pali kamayeso kamene aliyense angachite kunyumba. Ikani zitsekerero za mabotolo zisanu patebulo, muuzeni mwana awerenge. Ambiri amene amalakatula mpaka 20 kapena 50 chala chimathamanga pachokha, pakamwa pakuthamanganso pokha, n'kufika pa 9 zitsekerero zili zisanu. Ena amawerenga bwino, koma mukafunsa kuti ndiye zilipo zingati, amayambiranso pa 1, chifukwa sanagwire kuti nambala yomaliza ija ndiyo yankho. Kulakatula ndi nyimbo. Kuwerenga ndi kupatsa chinthu chilichonse dzina limodzi, osadumpha, osabwereza. Chichewa chathu chimagwiritsa mawu amodzi, kuwerenga, pa manambala ndi pa mabuku pomwe, ndipo ndaona kuti matenda ake ndi amodzinso: pakamwa kutsogola, mutu kutsalira.

Ndiye masamu athu ambiri sachitikira pa bolodi. Patebulo pali ana asanu ndi mmodzi, kabweretse masipuni okwanira. Akabwera ndi anayi, sindilankhula, anzake awiri opanda sipuni ndi amene amamuuza. Zitsekerero tili nazo ndowa yathunthu. Amazigawa zofiira pazokha, zoyera pazokha. Amazindandalika yofiira, yoyera, yofiira, yoyera, ine n'kubisa imodzi kuti apeze yasowa. Ku kosi ya uphunzitsi wa ana aang'ono ya Level 4 imene ndimapita Loweruka anatiuza za Jean Piaget, wa ku Switzerland, amene anaona kuti mwana wamng'ono ukamuikira mizere iwiri ya zinthu zofanana kuchuluka, kenako n'kutalikitsa mzere umodzi iye akuona, amati wautaliwo ndiwo uli ndi zambiri. Ndinakana kukhulupirira mpaka ndinayesa Lolemba lake. Anandiuza motsimikiza, ena mpaka kundiseka kuti aphunzitsi saona. Zimenezi sizichoka ndi kuuzidwa. Zimachoka mwana akagwira, kusuntha, kuthira madzi a m'kapu yaifupi m'botolo lalitali kambirimbiri mpaka mutu wake utavomera wokha. Madzi aja ndinkawaona pa zenera ngati chibwana.

Chinthu chimene chinandisangalatsa koposa ndinachitola kwa Gogo mwangozi. M'Chizulu 6 ndi isithupha, ndipo mawu omwewo ndi dzina la chala chachikulu, chifukwa ukamaliza zala za dzanja limodzi umalumphira pa chala chachikulu cha linalo. 7 ndi isikhombisa, chala cholozera. 8 ndi isishiyagalombili, kutanthauza kusiya ziwiri. Nambala iliyonse mwa izi ili ndi chithunzi cha dzanja m'kati mwake. Nditawauza kuti ife timati zisanu ndi chimodzi, zisanu ndi ziwiri, zisanu ndi zitatu, Gogo anaomba m'manja. Anati anthu inu mwana wanu mumamupatsa samu ya kuphatikiza m'dzina la nambala momwe, ndiye mukuitayiranji? Ndinalibe yankho. Ife tomwe pamsika timati sikisi, seveni, eyiti, ndipo kutchula zisanu ndi ziwiri timakuona ngati kwa m'Baibulo kapena kwa pa wailesi. Sindikuti tisiye sikisi. Koma ndikaika zitsekerero zisanu m'dzanja ili ndi chimodzi m'dzanja ilo, n'kunena kuti zisanu ndi chimodzi, ana a kwathu maso amawala mwa mtundu wina. Six ndi phokoso chabe loti aloweze. Zisanu ndi chimodzi akuziona m'manja mwawo.

Pali ngodya ina ya chipinda imene mabuku a kosi ali ndi dzina lake lalitali, koma ine ndimangoti ku masanje. Muli mapoto akale, foni yakufa, zipewa, chitenje changa chimodzi, zidole ziwiri. Kwathu pa masanje tinkamanga timisasa ta mapesi tikatha kukolola, wina bambo, wina mayi, wina fisi. Kuno fisi kulibe, kuli tekisi. Amandandalika mipando, woyendetsa kutsogolo, wina aima pambali atakweza chala m'mwamba, chizindikiro cha wopita m'tauni. Ndalama, zomwe ndi zitsekerero zomwe zija, zimayenda kuchokera kumbuyo, dzanja ndi dzanja, mpaka kwa wokhala pafupi ndi dalaivala, ndipo iye ayenera kubweza chenji. Wina amakuwa kuti after robot, tekisi n'kuima. Mkangano wa amene akhale dalaivala umatha mphindi khumi, ndipo ndaphunzira kuluma lilime. Akapanda kugwirizana masewera amafa, iwo amadziwa zimenezo, ndiye pamapeto pake wina amagonja kapena amapangana zosinthana. Akuluakulu ena a m'mabungwe athu a maliro sanafikebe pamenepo.

Ana a kwathu ali ndi masewera awoawo: basi ya ku Malawi. Amanyamula mapilo onse kukhala katundu, kukwera pa Park Station, ndipo pali wina amene amakhala pa mpando ndi kathabwa kudinda mapasipoti. Amadziwa Beitbridge, ena amadziwa ndi Mwanza yemwe, ngakhale amene sanapiteko chibadwire. Amamva tikamakambirana. Tsiku lina kamnyamata kena kanavala chipewa, n'kuimitsa anzake ndi dzanja, n'kunena mwaukali kuti aonetse mapepala. Kamtsikana kena kanatsegula chikwama chopanda kanthu, n'kutulutsa chitsekerero chimodzi, kumupatsa mobisa. Thupi langa linazizira. Ndinafuna kuwaletsa, Gogo anandigwira mkono. Anati chimene mwana akuchiopa, akachisewera amachichepetsa kufika pa msinkhu wake, ndipo ukamuletsa amangopita nacho kukagona. Ndinawasiya. Koma usiku umenewo ndinaganiza kwambiri za zimene timalankhula ana ali pomwepo, tikuyesa kuti ali pa foni.

Akasewera panja, kukwera matayala, kudumpha mizere ya choko, timasamba m'manja pamzere, kudya, kenako nthano asanagone. Apa ndi pamene pali nkhani imene imandiwawa.

Makolo ambiri a kwathu amandipempha kuti mwana wawo ndisamulankhule Chichewa. Zifukwa zake ndimazimvetsa. China ndi mantha. Amene analipo mu 2008, ziwawa zothamangitsa anthu obwera zitayambira ku Alexandra, kapena mu 2015 pamene boma la Malawi linatumiza mabasi kudzatenga anthu, anaphunzira kutseka pakamwa mu tekisi, ndipo safuna kuti mwana adzawaulule ndi liwu limodzi. China ndi chikhumbo chabwino: Chingerezi ndicho chidzamupatse ntchito yosagwira fosholo. Ndiye kunyumba amamulankhula Chingerezi chokha, koma Chingerezi chake ndi chija cha kuntchito: bwera, khala, idya, usagwire, gona. Chichewa chimene kholo lomwelo lingathe kusereula nacho, kufotokoza chifukwa chake mvula imagwa, kusimba za ng'ona za ku Shire, kuseka, kutonthoza, chimasungidwira akuluakulu. Mwana amakula ndi mawu olamula okhaokha.

Chaka chatha tinali ndi kamtsikana kotere. Miyezi iwiri osatulutsa liwu, m'chilankhulo chilichonse. Tinayamba kuganiza zouza mayi ake kuti akamuyezetse makutu ku kiliniki. Tsiku lina magetsi atazima, Gogo atapita kukagula gasi, ndinatsala ndekha ndi ana, buku la zithunzi ndinali nditaliwerenga kale kawiri. Ndinangoti, mwachizolowezi cha pamoto, "Padangotero." Kuchokera kumbuyo, pansi pa bulangete, kunamveka kaliwu: "Tili tonse." Anali iyeyo. Pambuyo pake ndinamva kuti anakhala ndi agogo ake ku Machinga mpaka zaka zitatu, ndipo atafika kuno anauzidwa kuti zakumudzi zatha. Mwanayo sanali wosalankhula. Anamulanda chilankhulo chimodzi asanamupatse china.

Ndinasimba nthano ya Kalulu ndi Njovu tsiku limenelo m'zilankhulo ziwiri, chiganizo ichi Chichewa, ichi Chingerezi, ndipo ana onse, a Chizulu, a ku Zimbabwe, a ku Congo, anaphunzira kuvomera kuti tili tonse. Kuchokera pamenepo tinayamba kamasewera kena. Ndimakweza chithunzi, aliyense atchule m'chakwawo. Nkhuku, inkukhu, huku, kuku. Mbuzi, imbuzi, mbudzi. Njovu, indlovu, nzou. Mvula, imvula, mvura, mvua. Amaseka mpaka kugubuduka, kudabwa kuti mnzawo akunena mawu awo omwe koma mokhota. Ndipo pamene akuseka, makutu akugwira ntchito yosiyanitsa mvula ndi mvura, yomwe ndi ntchito yomweyo imene adzaifune tsiku lodzayamba kulumikiza zilembo ndi maliwu. Zilape nazonso zinalowa. Nyumba yopanda khomo anaiganizira mpaka nthawi yogona, wina n'kudzuka pakati pa tulo kukuwa kuti dzira.

Dziko lino lili ndi zilankhulo zovomerezeka 12, kuphatikizapo cha manja chimene chinawonjezedwa mu 2023, ndipo Chichewa sichili m'gulumo. Palibe sukulu ya boma imene idzamuphunzitse mwana wanu Chichewa kuno. Akapanda kuchimva kwa inu, sadzachimva kwina. Ndipo amene akuganiza kuti kuloweza zilembo msanga ndiye chitetezo, aganizire izi: kafukufuku wa mayiko ambiri woyesa kuwerenga kwa ana, wotchedwa PIRLS, wa 2021 anapeza kuti ana 81 pa 100 alionse a Grade 4 mu South Africa satha kuwerenga momvetsa zimene akuwerengazo, m'chilankhulo chilichonse. Ana amenewo nyimbo ya zilembo amaidziwa. Chimene chimathandiza mwana kumvetsa nkhani yolembedwa ndi kukhala atamvapo nkhani zambiri, kudziwa kuti nkhani ili ndi poyambira, pali vuto, pali chimene chidzachitike, ndi kukhala ndi mawu ochuluka m'mutu. Zimenezo akhoza kuzitenga m'Chichewa n'kuwoloka nazo. Chingerezi adzachitola, ndipo ana kuno amachitola msanga kuposa ife, pabwalo pomwepa.

Kunena chilungamo, bambo wa ku Mangochi uja sanafunse funso lopusa. Alipo malo kuno amene amasonkhanitsa ana m'galaja, kuyatsa TV kuyambira m'mawa mpaka madzulo, kholo likafunsa n'kumati ana amaphunzira posewera. Munthu amene wadzuka 4 koloko kukadula kapinga wa eni ake ali ndi ufulu wofunsa kumene randi yake ikupita. Kusiyana kwake sikuoneka pa kope. Lowani m'kati muone ngati pali zinthu zoti ana agwire pa msinkhu wawo, ngati mphunzitsi amakhala pansi n'kumacheza nawo kapena ali pa foni pakhomo, ngati zojambula za pakhoma zili zosiyanasiyana kapena zonse n'zofanana ngati zajambulidwa ndi dzanja limodzi la munthu wamkulu. Ndipo mufunseni mwanayo kuti lero anatani. Wa pa TV alibe chonena.

Boma nalo lili ndi mbali yake. Kuyambira mu April 2022 makireshi anachoka m'manja mwa unduna wa zachisamaliro cha anthu n'kupita ku unduna wa maphunziro, ndipo mu 2024 Pulezidenti Cyril Ramaphosa anasaina lamulo la BELA limene linachititsa kuti Grade R, kalasi imene mwana amalowa asanayambe Grade 1, ikhale yokakamiza. Thandizo la boma linakhala pa R17 pa mwana patsiku kwa zaka zingapo lisanakwezedwe kufika pa R24 mu 2025, ndipo limafika ku malo olembetsedwa okha, pamene kulembetsa nyumba ngati yathuyi ndi ulendo wa mapepala wotopetsa. Chimene ndaona n'chakuti makolo akamva kuti Grade R ndi yokakamiza amachita mantha, n'kumafuna kuti wa zaka zitatu ayambe kukonzekera ngati mayeso a Sitandade 8. Chonsecho aphunzitsi a Grade R amene ndimakumana nawo ku kosi sadandaula za ana osadziwa kulemba. Amadandaula za ana osatha kudikira, osatha kupita okha kuchimbudzi, osatha kumvera malangizo awiri otsatizana, ogwira pensulo ngati mpini wa khasu.

Komanso si kuti sitilemba. Timalemba ndi chala mu thireyi ya mchenga, ndi burashi yonyowa pa khoma la panja dzuwa n'kufufuta, ndi choko pa simenti zilembo zazikulu ngati mwanayo. Timaumba chilembo choyamba cha dzina lake ndi ufa uja. Kungoti zonsezi sizilowa m'chikwama kupita kunyumba, ndiye kholo limaona ufa wa m'tsitsi wokha.

Madzulo aja sindinamuuze zonsezi. Panali ana ena olira, mayi wina akufuna chenji, ndipo iye ankathamangira kukaphika. Ndinangoti, "Achimwene, usiku uno pakudya mumutume akatenge masipuni okwanira anthu onse a m'nyumba. Musamuuze kuti angati. Kenako mumusimbire nthano imodzi ya ku Mangochi, m'Chichewa kapena m'Chiyao, chimene chingabwere." Anandiyang'ana ngati ndamupatsa panado pa fupa lothyoka, n'kunyamula mwana wake.

Patapita milungu iwiri anabwera ndi jumbo yodzaza zitsekerero. Kwa abwana ake kunali phwando, ndiye anatola zonse. Zambiri zinali za mowa, zachitsulo, zina zopindika, ndipo ndinakhala nazo ola lathunthu kukhitchini kuzitsuka ndi kusankha zosacheka. Za masipuni sananene kanthu, za nthano sananenenso. Koma pansi pa jumboyo panali kope latsopano ndi pensulo yosongoledwa kale ndi mpeni.

"Ufawo pitirizani," anatero. "Koma ili likhale pafupi."

Ndinalilandira ndi manja awiri. Lachisanu lapitali ndinamupatsa mwanayo kuti achite nalo chimene akufuna, ndipo madzulo ndinawaonetsa bambo ake tsamba loyamba. Panali basi yaitali, katundu pamwamba mulu kuposa basiyo, timitu ta anthu m'mazenera. Bamboyo anaika chala pa matayala n'kuyamba kuwerenga chamumtima. Anapeza asanu ndi awiri.

"Iwe, basi ya matayala seveni unaiona kuti?"

Mwanayo sanatembenuke n'komwe, anali kalikiliki kulimbana ndi zipi ya jekete.

"Limodzilo ndi la sipeya. Munanena nokha kuti msewu wa ku Tete ndi woipa."